Kukhoma n'kosavuta, nkhani ili pozula

Phini lokhomera mapepala pabolodi analipanga kuti lizilowa, basi. Mutu wake ndi wophwatalala, wotambalala pafupifupi sentimita imodzi, kuti chala chachikulu chipeze pokankha osavulala, ndipo mphamvu yonse ya chalacho imakathera pansonga yosongoka kwambiri. N'chifukwa chake ngakhale mwana wa Sitandade 3 amalilowetsa m'bolodi lofewa osatuluka thukuta. Koma likalowa, mutu uja umagona papepala thasa, osasiya mpata wolowetsa ngakhale chikhadabo. Amene anapatsidwapo ntchito yochotsa zidziwitso zakale pabolodi la kusukulu, kutchalitchi kapena ku ofesi amadziwa mmene zimathera: chikhadabo chothyoka, timagazi pansi pake, pepala long'ambika pakona, ndi mapini awiri atatu agwera pansi chagada, nsonga zili m'mwamba, pamalo podutsa ana opanda nsapato.

Zida zogwirira ntchito imeneyi zilipo, ndipo zina zakhalapo kwa zaka zoposa 100. N'zing'onozing'ono, zambiri n'zotsika mtengo, koma m'nyumba ndi m'maofesi ambiri simuzipeza. Munthu amagula hamala, misomali, mapini ndi sitepula, osaganizako za tsiku limene zonsezi zidzafunike kuchoka. Chonsecho makoma ambiri amawonongeka patsiku lochotsalo. Msomali polowa umasiya kabowo kamodzi kakang'ono. Potuluka, ngati wozulayo alibe chida choyenera kapena sadziwa pochitsamiritsa, umachoka ndi chibenthu cha pulasitala chachikulu ngati chikhatho cha mwana.

Kuti timvetse chifukwa chake phini limavuta chotere, tiyenera kuyang'ana anthu amene ankaligwiritsa ntchito poyamba. Anali ojambula mapulani a nyumba ndi a makina. Iwo ankayala pepala lalikulu pathabwa lojambulirapo, n'kulikhomerera m'makona, kenaka n'kumayendetsa lula yaitali pamwamba pake polemba mizere. Mutu wa phini ukanakhala wotumphuka, lulayo bwenzi ikukodwa. Choncho kuphwatalala kwa mutu kunali kofunika pantchito yawo. Ku Vienna, mwini fakitale wina dzina lake Heinrich Sachs amatchulidwa kuti mu 1888 anayamba kupanga mapini ochokera ku kachitsulo kamodzi kozungulira, kamene makina ankakaboola n'kupindira kansonga pansi. Ku Germany amakumbukira Johann Kirsten, wokonza mawotchi wa m'katauni ka Lychen, kumpoto kwa Berlin, amene cha m'ma 1903 anapanga phini la mutu wophwatalala. Akuti anagulitsa luso lakelo kwa wabizinesi Otto Lindstedt, ndipo mu 1904 banja la Lindstedt ndi limene linalembetsa umwini wake n'kulemera nalo. Lero ku Lychen kuli chipilala chooneka ngati phini lalikulu.

Tsidya lina la nyanja, ku America, Edwin Moore anayamba ndi funso lina: munthu aligwira pati phinili? Mu 1900 anapanga phini lokhala ndi chogwirira, loyamba linali la mutu wa galasi, ndipo kampani yake ya Moore Push-Pin Company inakula ku Philadelphia. Mmodzi mwa makasitomala ake oyambirira aakulu anali kampani ya makamera ya Eastman Kodak, imene inaitanitsa mapini a madola 1,000. Mapini a mitu ya pulasitiki yamitundumitundu, yokhala ndi kachiuno pakati, amene amagulitsidwa m'mashopu a zipangizo za m'maofesi masiku ano, ndi zidzukulu za phini la Moore. Munthu amalitsina ndi zala ziwiri, n'kulipotokola pang'ono, latuluka.

Apa ndiye panapatukana njira ziwiri, ndipo mpaka pano zilipobe. Ena anaika chozulira paphini penipeni. Ena anasunga mutu wophwatalala uja, chifukwa umagwira pepala bwino, sukodwa ndi zovala za odutsa, ndipo ndi wotsika mtengo, koma anaupangira kachida kakekake.

Kachida kameneka sikachititsa chidwi poyang'ana. Ndi kachitsulo kopyapyala kotalika ngati chala, kumapeto kwake n'kopindika pang'ono ndipo kali ndi mphanda. Milomo iwiri ya mphandayo ndi yosongoledwa kuti ilowe pakati pa mutu wa phini ndi pepala, msana wa phini n'kukhala pakati. Pokhotapo ndi pamene pamatsamira bolodi. Munthu akatsindika mbali inayo, milomo ija imanyamula mutu mbali zonse ziwiri nthawi imodzi, phini n'kutuluka chowongoka, mmene linalowera. Ku Switzerland kuli mapini otchuka a Omega, a nsonga zitatu, amene amagwira zolimba moti ndi zala simungawachotse, ndipo m'kabokosi kake amaikiratu kachozulira. Wopanga mapiniwo anavomereza kuti kugulitsa chinthu cholowa popanda chotulutsira n'kugulitsa theka la katundu. Ndi nzeru imene ambiri opanga mapini sanaitsatire.

Ku Japan, kumene masukulu amakonda kukhoma zojambula ndi zolemba za ana m'makoma a kalasi, kachidaka anakapititsa patsogolo. M'mashopu a zolembera muli zozulira za pulasitiki zokwana m'dzanja, zokhala ndi kamlomo kachitsulo kutsogolo ndi kankhokwe mkati. Mphunzitsi amangokankha kamlomoko pansi pa phini, phinilo n'kugwera m'kankhokwe, osakhudza chala kapena kugwa pansi. Pamene pali mapini 200 oti achoke tsiku limodzi, kusiyana kwake kumaoneka. Kampani ya Kokuyo inapanganso phini lokhala ndi kamphira kofewa kophimba nsonga, kamene kamafinyika pokhoma n'kubwereranso pozula, kuti likagwa pansi lisabaye munthu. Palinso lotchedwa Ninja Pin, limene msana wake ndi wopindidwa ngati chilembo cha V m'malo mokhala wobulungira, ndipo likachoka limasiya kamng'alu kosaoneka bwino papepala lomata kukhoma.

Zida zonsezi, kuyambira kachitsulo ka m'kabokosi mpaka hamala ya kalipentala, zimagwira ntchito mofanana ndi mtengo umene mlimi amatembenuzira mwala waukulu m'munda, atautsamiritsa pa kamwala kena. Archimedes wa ku Syracuse anafotokoza lamulo lake zaka zoposa 2,200 zapitazo: mbali imene mukugwira ikatalika kuposa mbali imene ikunyamula, mphamvu yanu imachulukitsidwa. Titenge hamala ya mpini wa masentimita 30, msomali uli pa masentimita 5 kuchokera pamene mutu wa hamala watsamira. Mphamvu ya mkono imachulukitsidwa kasanu ndi kamodzi. Kukoka kofanana ndi kunyamula makilogalamu 10 kumafika pamsomali ngati makilogalamu 60.

Chimene ambiri amaiwala n'chakuti mphamvu imeneyo iyenera kuima penapake. Hamala ikamakoka msomali ndi makilogalamu 60, mutu wake umakhala ukudinikiza khoma ndi mphamvu pafupifupi yomweyo, pamalo aang'ono ngati ndalama yachitsulo. Penti imathetheka, pulasitala amaphwanyika, thabwa lofewa limasiyidwa ndi chipsera chooneka ngati kamwezi. Mmisiri wodziwa ntchito sazula msomali pakhoma lomalizidwa popanda kuika kanthu pansi pa hamala: kathabwa kopyapyala, chitsulo chophwatalala chopalira penti, ngakhale katoni wopindidwa kangapo. Kathabwako kamamwaza mphamvu ija pamalo aakulu. Kalinso ndi ntchito yachiwiri imene sionekera msanga. Hamala sikoka chowongoka, imakoka mokhota, motsatira mmene mpini ukuyendera. Msomali ukatuluka pang'ono, kukhotako kumayamba kuupinda, ndipo msana wake umakuza bowo cham'mbali. Kuika kathabwa kokhuthalako pamene msomali watuluka theka kumakweza potsamira, ndipo kukoka kumabwereranso m'mzere. Msomali wautali ungafune kukwezeredwa kawiri. Munthu wopupuluma amaona ngati n'kutaya nthawi, koma nthawi yomweyo ndi imene akanaithera posakaniza simenti yomatira.

Hamala ya mphanda ndi yakale kwambiri. Aroma anali nayo, ndipo pachithunzi chotchuka cha Albrecht Dürer cha mu 1514, chotchedwa Melencolia I, imaoneka bwinobwino pamodzi ndi misomali ili mbwee pansi. Cha m'ma 1840, wosula zitsulo wa ku Norwich, m'chigawo cha New York, David Maydole, anatalikitsa chibowo cholowamo mpini kuti mutu usamagwedere kapena kusolomoka. Vuto limenelo limabwera makamaka pozula, pamene mpini wonse ukulimbana ndi mutu. Kale misomali inkasulidwa umodziumodzi pamanja, ndipo inali yodula moti ku Virginia, m'zaka za m'ma 1640, boma linachita kukhazikitsa lamulo loletsa anthu kuwotcha nyumba zimene akusamukamo pofuna kutola misomali m'phulusa. Msomali wozulidwa bwino unali chuma. Ngakhale lero, akalipentala a m'misika ya ku Malawi kuno amakhala ndi chitini cha misomali yakale imene amaiwongola pachitsulo n'kuigwiritsanso ntchito, ndipo ndi iwo amene amadziwa kwambiri kuti msomali wokokedwa mwaphuma umathyoka pouwongola.

Komabe pa timisomali ta pakhoma, hamala si mfumu. Mphanda yake ndi yokhuthala, siilowa pansi pa mutu wa kamsomali kopachikira kalendala kapena chithunzi cha ukwati. Chida choyenera kutamandidwa kuposa mmene chimatamandidwira ndi mbaniro ya akalipentala, yokhala ndi mutu wobulungira ndi milomo iwiri yokumana kutsogolo. Imaluma msana wa msomali pafupi penipeni ndi khoma, mutu ukhalepo kapena usakhalepo. Akailumitsa, munthu sakokera kwa iye. Amaigubuduza cham'mbali pamutu wake wobulungira uja, msomali n'kutuluka mamilimita angapo. Kenaka amamasula, n'kulumanso pansi, n'kugubuduzanso. Katatu kapena kanayi, msomali watuluka pafupifupi wowongoka, bowo lili mmene linalili. Chofunika kusamala n'kufinya: milomo ya mbaniro zina ndi yakuthwa, ndipo dzanja lolimba limadula kamsomali m'malo mokakoka. Ku Cronenberg, dera la mzinda wa Wuppertal ku Germany, Carl Gustav Putsch anatsegula malo osulira mbaniro zotere mu 1882, za akalipentala ndi za okhoma nsapato za akavalo. Malo amenewo ndi amene anakula kukhala kampani ya Knipex, ndipo maonekedwe a mbaniroyo sanasinthe kwenikweni. Ngati nyumba ingakwanitse kugula chida chimodzi chokha chozulira, chikhale chimenechi.

Mbaniro yomweyi imathetsanso vuto limene kachozulira ka mapini sikangathe. Mapini ambiri otsika mtengo ndi zidutswa ziwiri, mutu ndi msana, zolumikizidwa ndi makina. Phini likakhalitsa pabolodi kudutsa nyengo ya mvula, msana umachita dzimbiri n'kumamatira. Pozula, mutu umachoka wokha, n'kusiya kachitsulo kosongoka kali tsonga, kosaoneka bwino, kodikira chala cha amene adzasisite bolodilo. Kameneko kamafuna mbaniro kapena pulayala ya mlomo wautali, ndipo kamatuluka bwino akakapotokola kaye kuti dzimbiri lileke kugwira. Phini limene analipaka penti pamodzi ndi khoma nalo lili ndi msampha wake: penti yowuma imalumikiza mutu ndi khoma, ndipo kulinyamula kumasenda penti mozungulira. Kudula kaye ndi lezala m'mphepete mwa mutu kumateteza zimenezo.

Mtundu wa khoma umasintha nkhani yonse. Malangizo ambiri olembedwa pamapaketi a zida zimenezi amachokera kumayiko kumene zipupa za m'kati mwa nyumba n'za mabolodi a jipisamu, ufa woyera wofinyidwa pakati pa mapepala awiri olimba. Augustine Sackett analembetsa bolodi lotere ku America mu 1894, ndipo mtundu wa Sheetrock unayamba kugulitsidwa cha m'ma 1916. M'bolodi limeneli phini limalowa ndi chala, ndipo ngozi yaikulu pozula n'kubooleza khoma ndi chida chimene chatsamirapo. Nyumba zambiri za ku Malawi, Zambia ndi Mozambique n'za njerwa zomatidwa ndi simenti ndi mchenga. Pamenepo phini sililowa, limangopindika, ndipo n'chifukwa chake mapini amathera pazitseko, pamafelemu a mawindo, pasiling'i ndi pamabolodi ofewa. Chimene chimalowa m'khoma lenileni ndi msomali wa konkire, komanso timapulasitiki togwira mawaya a magetsi, a wailesi yakanema ndi a sola, tokhala ndi kamsomali kolimba m'mbali.

Msomali wa konkire ndi wachitsulo chowumitsidwa. Supindika ngati wa matabwa, umathyoka, ndipo chidutswa chake chimauluka ndi liwiro lotha kuboola diso. Wozula ayenera kuvala magalasi oteteza maso, ndipo apa palibe kukambirana. Pulasitala wozungulira msomaliwo amakhala atasweka kale m'kati pa nthawi yokhoma, kungoti msomali ndi penti zimamugwirizira. Kuukankhira uku ndi uku mwamphamvu kumagumula malo onse oswekawo. Njira yabwino n'kuuluma ndi mbaniro kapena pulayala yokhoma yokha, kuupotokola pang'onopang'ono ngati mukutsegula mpopi wolimba mpaka utayamba kumasuka, kenaka n'kuukoka chowongoka, dzanja linalo litatsindika chitsulo chophwatalala pakhoma pafupi ndi msomaliwo. Pamene pulasitala anamusakaniza ndi simenti yochepa, monga zimakhalira m'nyumba zambiri za lendi, ngakhale kusamala konseku sikungaletse kachibenthu kuchoka. Nthawi zina chanzeru n'kuusiya msomaliwo: kuudula pafupi ndi khoma, kukhomerera chotsalacho m'kati pang'ono, n'kumata pamwamba. Timapulasitiki ta mawaya tija timachoka mosavuta ndi sikuludiraiva ya mlomo wophwatalala yolowetsedwa pansi pake, koma mbali ya kamsomali, osati mbali ya waya, ndipo magetsi akhale atazimitsidwa. Mawaya obisika m'khoma kawirikawiri amayenda molunjika m'mwamba, pansi kapena cham'mbali kuchokera pa soketi ndi pa switchi, ndiye msomali uliwonse wokhala m'mizere imeneyo ndi wofunika kuukayikira.

Anthu amene amazula tizitsulo tambiri kuposa wina aliyense ndi okuta mipando. Sofa imodzi yakale imakhala ndi timisomali kapena timawaya ta sitepula mazanamazana, ndipo tonse tiyenera kuchoka nsalu yatsopano isanalowe, popanda kung'amba thabwa la m'kati. Chida chawo chimafanana ndi sikuludiraiva, kungoti mlomo wake ndi wopindika ndipo uli ndi mphanda. Kampani ya C. S. Osborne ya ku New Jersey, imene inayamba mu 1826, ikupangabe zida zotere za okuta mipando ndi osoka zikopa. Okuta mipando ali ndi lamulo limene aliyense wozula kanthu pathabwa angapindule nalo: chida chiziyenda motsatira mitsempha ya thabwa, chifukwa kuchikankha mopingasa kumang'amba thabwalo. Chozulira chawochi chimagwiranso bwino ntchito pabolodi la zidziwitso, pachitseko, ndi pa neti yotchinga udzudzu imene inakhomedwa pafelemu la windo.

Kachida ka mano anayi kochotsera timawaya ta sitepula, kamene kamapezeka pamadesiki ambiri, kali ndi mbiri yakenso. William G. Pankonin wa ku Chicago anapatsidwa chiphaso cha umwini wa chida chotere mu 1936. Anakapangira mapepala, kumene miyendo ya kawaya imapindikira kumbuyo, ndipo mano ake amaiwongola pokoka. Pabolodi kapena pathabwa, miyendoyo imalowa chowongoka, ndipo mano aja amangokanda pamwamba n'kusiya zipsera. Pamenepo pamafunika chozulira cha lilime limodzi lopyapyala lolowa pansi pa kawaya n'kukanyamula. Kawirikawiri mwendo umodzi umatuluka, wina n'kutsala. Wotsalayo amamalizidwa ndi pulayala.

Masikuluwu ndi mapulagi ake ndi gulu lina, chifukwa iwo amagwira khoma mochita kutupa. John Joseph Rawlings wa ku London analembetsa pulagi yake mu 1911. Inali kachubu ka ulusi wolimba womatidwa pamodzi, kolowetsa m'bowo loboola kale, ndipo dzina loti Rawlplug linachokera kwa iye. Mu 1958, Artur Fischer wa ku Germany anapanga pulagi ya nayiloni yokhala ndi mano m'mbali, imene sikuluwu ikamalowa imatambasuka n'kuluma khoma, ndipo ndi imene yafala padziko lonse. Kudziwa mmene imagwirira kumasonyeza mmene imachokera. Sikuluwu ikakhala m'kati monse, pulagi imakhala yotupa, ndipo kuikoka ndi hamala kumazula ndi khoma lomwe. Amisiri amamasula sikuluwu yonse kaye, kenaka n'kuibwezeramo pongoizungulitsa kawiri kapena katatu, kungoti igwire pakamwa pa pulagi osaitupitsa, n'kukoka sikuluwuyo ndi mbaniro. Pulagi imabwera nayo. Ikakana, kuidula mlomo ndi mpeni wakuthwa n'kuikankhira m'kati kumasiya bowo laling'ono kusiyana ndi kulimbana nayo. Zogwirira zachitsulo za m'makoma a jipisamu, zimene zimatambasula miyendo kuseri kwa bolodi, sizikokedwa n'komwe: amathyola kamlomo kakutsogolo n'kuzikankhira kuti zigwere m'kati mwa chipupa.

Sikuluwu yofufutika mutu, imene sikuludiraiva imangozungulira popanda kugwira, inapezeranso chida chake. Kampani ya Engineer ya ku Osaka inatulutsa mu 2002 pulayala yotchedwa Neji-saurus. Pulayala wamba ili ndi mano opingasa okha, ndipo ikaluma mutu wa sikuluwu chakutsogolo imatsetsereka poipotokola. Iyi ili ndi mano oyenda m'litali mwa mlomo, amene amakumba m'mbali mwa mutuwo n'kuugwira pozungulitsa. Kusintha kochepa chabe, koma kumapulumutsa chitseko kapena kabati imene ikanaswedwa.

Nanga amene alibe chilichonse mwa zimenezi? Ambiri amathamangira mpeni wakukhitchini, ndipo ndi chida choipa kuposa zonse: umanyamula mbali imodzi ya mutu, phini limapendekeka n'kudumpha, ndipo mpeniwo ukatsetsereka umalunjika kudzanja limene lagwira pepala. Foloko ndi yabwinoko kutali, chifukwa mano ake awiri amalowa mbali zonse za msana wa phini ndipo kupindika kwake kumapereka potsamira, ndendende ngati kachitsulo ka m'kabokosi ka Omega. Supuni yopyapyala m'mphepete imathandizanso. Mano a munthu asayandikire n'komwe, ndipo chizolowezi chosunga mapini pakamwa manja akugwira ntchito chimathera kuchipatala, phini litamezedwa kapena litalowa m'njira ya mpweya. Chozulira chabwino chingapangidwe pakhomo: sikuludiraiva yakale ya mlomo wophwatalala, tupa yosemera kamphanda pakati pa mlomowo n'kuupyapyalitsa, ndi moto pang'ono kuti nsonga ipindike. Wowotcherera zitsulo aliyense wa pamsika angachite zimenezi m'kanthawi kochepa, ndipo sukulu imene ili ndi mabolodi angapo ingachite bwino kukhala nacho chimodzi mu ofesi ya aphunzitsi.

Zozulidwazo zimafunanso kwawo. Mapini ambiri ooneka ngati golide ndi chitsulo wamba chokutidwa ndi mkuwa pamwamba, choncho maginito amawakoka. Maginito a m'sipika yakufa ya wailesi, atawakulunga m'kansalu n'kuwayendetsa pansi, amatola mapini ndi timawaya timene tsache lasiya m'ming'alu ya simenti, ndipo pofunyulula kansaluko zonse zimagwera m'chitini. Wobayidwa ndi msomali kapena phini lakuda asanyozere chifukwa balalo ndi laling'ono. Tizilombo toyambitsa kafumbata timakhala m'dothi ndi m'ndowe, ndipo timakula bwino m'bala lakuya lopapatiza mmene mpweya sufika. Dzimbiri palokha si limene limadwalitsa. Bala lotere lifunika kutsukidwa ndi sopo ndi madzi oyera, ndipo amene sakumbukira pamene analandira katemera wa kafumbata apite kuchipatala.

Pofuna kuthawa mavuto onsewa, makampani anabweretsa zomatira. Bostik inatulutsa Blu Tack ku England cha m'ma 1970, ndipo kumwera kwa Africa ambiri amadziwa mnzake wotchedwa Prestik. Kampani ya 3M inabweretsa timizere ta Command m'zaka za m'ma 1990. Nazonso zili ndi kachotsedwe kake. Prestik amamukunkhuniza ndi chala, ndipo zotsalira amazitola pozidinda ndi kachibulunga kena, koma akakhalitsa amasiya banga la mafuta papenti ndi papepala. Kamzere ka Command kamakokedwa pang'onopang'ono chotsika, motsatira khoma, mpaka katatanuka n'kumasuka kokha. Kukakokera kunja kumasenda penti. Pakhoma la laimu kapena la penti yamadzi yopakidwa pa pulasitala wofumbuka, chomatira chilichonse chimagwira ganda la pamwamba lokha, ndipo chimachoka nalo.

Pamapeto pake bowo limatsala, ndipo limabweretsa funso la amene alipire. Ku Japan, unduna woona za malo ndi zomangamanga uli ndi malangizo a kubweza nyumba ya lendi, amene anatuluka koyamba mu 1998 n'kukonzedwanso mu 2004 ndi mu 2011. Malangizowo amasiyanitsa mabowo: a mapini opachikira kalendala kapena chithunzi ndi mbali ya kukhala m'nyumba, ndipo ndi udindo wa mwininyumba, pamene a misomali ndi masikuluwu, ofuna kusintha bolodi la m'kati, amalipira wolendayo. Ku England ndi Wales, kuyambira mu 2007 dipoziti ya wolenda imatetezedwa ndi mabungwe ovomerezedwa ndi boma, amene amaweruzanso mikangano ya zowonongeka poyang'ana zithunzi ndi ndandanda ya mmene nyumba inalili polowa. Amalawi amene amachita lendi kumeneko amapindula akajambula makoma tsiku lolandira makiyi. M'nyumba zambiri za lendi za ku Ndirande kapena ku Area 25, pangano limakhala lapakamwa, ndipo nkhani ya khoma imakambidwa pakhonde tsiku losamuka, katundu ali kale pagalimoto.

Kumata kwenikweni sikovuta. Bowo la phini limatsekeka ndi kadontho ka penti kapena ka phala lomatira monga Polyfilla, kopakidwa ndi chala. Pamene pachoka chibenthu cha pulasitala, pamafunika kuchotsa fumbi lonse, kunyowetsa malowo ndi madzi kuti khoma lowuma lisamwe chinyezi cha phala latsopano, n'kumata kawiri ngati dzenjelo ndi lakuya, chifukwa phala limanyala pouma. Likauma amalisalaza ndi sandipepa, n'kupaka penti. Penti yatsopano siifanana ndi imene yakhala pakhoma zaka zitatu, ngakhale zitachokera m'chitini chimodzi, ndiye pamene zigamba zachuluka, opaka penti amalangiza kupaka chipupa chonsecho kuchokera kona ina kufika kona ina.